Ndakamuona mchimwene wanga ku Alexandra, kodi amayi ndiwauze zoona?

Nachisale: Abale ndi alongo, ndabwerako ku Joni koma mtima sunakhale pansi, ndiye ndati ndikutulireni nkhawa yangayi. Kuntchito anatitumiza ku maphunziro ndipo anatigoneka ku Sandton. Loweruka tinalibe zochita, choncho ndinamuimbira mchimwene wanga wamng'ono, mzime wa kwathu, kuti ndikaone kumene amagona. Poyamba anakana. Anati tingokumana m'tauni tidyere limodzi nkhomaliro. Nditamukakamiza anabwera kudzanditenga, tinakwera takisi mpaka pa Pan Africa, pokwerera matakisi ku Alexandra, kenako tinayamba kutsetsereka wapansi.

Chandipweteka kwambiri ndi kufupika kwa mtunda. Kuchoka pamene ndinkagona kukafika ku Alexandra ndi makilomita ochepa chabe, wawalekanitsa ndi msewu waukulu wa M1. Uli pakati pa zisakasa ukatembenuka, ukuona nyumba zosanja za ku Sandton zili ng'aning'ani padzuwa, kuphatikizapo The Leonardo ija yotalika kuposa zinzake. Misewu ya mu Alexandra, amene ambiri amangoti Alex, imadziwika ndi manambala, 1st Avenue mpaka 22nd Avenue, ndipo ukamatsika kulowera kumtsinje wa Jukskei m'pamene zinthu zimankira ziipa. Kumtunda kuli nyumba zakale za njerwa, koma bwalo lililonse ladzadza ndi tizipinda ta malata tomangidwa mogundana, moti njira yopita kukhomo kwa munthu umadutsa chammbali. Madzi a m'zimbudzi zophulika akuyenda mumsewu, ana n'kumawalumpha. Mawaya a magetsi ali lendelende pamwamba pa mitu, ena akwawa pansi.

Mchimwene wangayo amakhala kumunsi kwenikweni, kufupi ndi mtsinje. Chipinda chimodzi cha malata, akugona atatu. Bedi ndi limodzi, awiri amayala pansi. Pakona pali kasitovu ka magetsi ndi chidebe cha madzi, zovala zili pamsomali, ufa anaupachika kudenga chifukwa cha makoswe. Chimbudzi ndi chija cha pulasitiki, chimodzi pa mabanja ambirimbiri, ndipo usiku sayerekeza kupitako. Mwana ameneyu ndi amene anagula malata a nyumba ya amayi ku Thyolo, ndi amene akulipira fizi ya ana a malemu achemwali athu. Amayi amadziwa kuti mwana wawo ali pabwino. Pondiperekeza anandigwira dzanja n'kunena kuti chonde amayi asamve. Mawa ndikupita kumudzi. Ndikanene chiyani?

Mayi a Tadala: Pepani achemwali, ndawerenga misozi ili m'maso. Wanganso ali komweko, ku Diepsloot, ndipo pa vidiyo amangondionetsa nkhope yokha, kumbuyo kwake sindinakuonepo.

Wa ku Ndirande: Tiponyereni zithunzi tione nawo. Anyamata ambiri kuno akugulitsa katundu kuti apeze ya basi, mwina akaona aganiza kawiri.

Bambo a Yamikani (Alex): Zithunzi ayi, chonde. Ine ndimakhala mu Alex momwemo ndipo ndikupemphani ndi mtima wonse. Kumabwera kale alendo a kunja m'magulu, ena pa njinga, atakoleka makamera m'khosi. Amajambula mayi akuchapa, mwana akusewera pambali pa zinyalala, kenako n'kubwerera kuhotela. Amene wajambulidwayo sadziwa kumene nkhope yake yathera. Ife a pagulu lino tisachite zomwezo kwa m'bale wathu. Komanso ambiri mwa anyamatawa mapepala awo si olongosoka. Chithunzi chimodzi choonetsa khomo la munthu chikhoza kumubweretsera mavuto amene simungawathe muli ku Blantyre.

Nachisale: Musadandaule bambo, foni sindinaitulutse m'chikwama. Mchimwene wanga anandichenjezeratu tisanatsike takisi.

Woyang'anira gulu: Tagwirizana, pankhani iyi pasaponyedwe chithunzi cha munthu kapena cha nyumba ya munthu. Pitirizani.

Aphunzitsi opuma a ku Zomba: Mayi Nachisale, musanaganize chokawauza amayi, ndi bwino mudziwe malo amene mwapondawo, chifukwa si dambo chabe limene anthu anangofikirapo dzana. Alexandra ndi wamkulu kuposa Sandton pa zaka. Anakhazikitsidwa mu 1912 pa malo a mzungu wina, Herbert Papenfus, ndipo dzinalo ndi la mkazi wake. Chaka chotsatira, mu 1913, boma la azungu linakhazikitsa lamulo la malo loletsa anthu akuda kugula malo m'dera lalikulu la dzikolo. Popeza Alexandra anali atavomerezedwa kale, anakhala amodzi mwa malo ochepa pafupi ndi mzinda kumene munthu wakuda akanatha kukhala ndi puloti yakeyake ya mapepala. N'chifukwa chake anthu anakhamukirako. Eni mapuloti anayamba kumanga tizipinda kuseri n'kumachititsa lendi, ndipo mchitidwe umene mwauona wa bwalo limodzi mabanja ambiri unayambira pamenepo.

Khonsolo ya Johannesburg kwa zaka zambiri sinkafuna kuwasamalira malowa. Kunalibe magetsi mpaka anthu anawatcha Dark City. Nelson Mandela atangofika mumzindawu cha m'ma 1941 anachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya banja lina pa 7th Avenue, kopanda magetsi ndi madzi. Mu 1957 mtengo wa basi yopita m'tauni utakwera kuchoka pa mapeni 4 kufika pa 5, anthu a mu Alex anakana kukwera. Anayenda wapansi pafupifupi makilomita 15 kupita kuntchito, n'kubwereranso madzulo, kwa miyezi pafupifupi itatu, mpaka mtengowo unabwezedwa. M'zaka za m'ma 1960 boma la tsankho linaganiza zogwetsa nyumba zonse za mabanja n'kusiya mahositelo okha a antchito. Mabanja ambiri anasamutsidwira ku Soweto ndi ku Tembisa, ndipo mahositelo akuluakulu monga Madala anamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Anthu anakaniza, motsogozedwa ndi m'busa Sam Buti ndi anzake, mpaka mu 1979 boma linasiya maganizo ogwetsawo. Malamulo a mapasi, oletsa anthu akuda kulowa m'mizinda momasuka, atathetsedwa mu 1986, anthu ochokera kumidzi anabwera ambiri, malo osakula.

Wa ku Ndirande: Aphunzitsi, nanga boma la anthu akuda lomwe lakhalapo kuyambira 1994 lachitapo chiyani? Dziko lolemera chonchija.

Aphunzitsi opuma a ku Zomba: Mu 2001 Pulezidenti Thabo Mbeki anakhazikitsa ntchito yokonzanso Alexandra, ya ndalama zokwana R1.3 biliyoni. Nyumba zina zinamangidwadi, makamaka kutsidya kwa mtsinje, komanso sukulu ndi misewu. Koma anthu obwera anachuluka kuposa nyumba, ndipo mafunso a mmene ndalamazo zinayendera sanathe. Mu Epulo 2019 anthu a kumeneko anatseka misewu yonse podandaula za zinyalala, zimbudzi ndi zisakasa zongomangidwa paliponse. Kalembera wa 2011 anapeza anthu pafupifupi 180,000, koma okhala kumeneko amati chiwerengero chenicheni n'choposa pamenepo, popeza ambiri a m'zisakasa amathawa owerenga.

Bambo a Yamikani (Alex): Aphunzitsi anena zoona. Ndionjezereko ziwiri.

Choyamba, mayi Nachisale, inu mwaona kumunsi. Alex yense sali choncho. Kuli East Bank kumene anthu ali ndi nyumba za mpanda ndi magalimoto. Kuli Tsutsumani, nyumba zimene anamangira ochita masewera a All Africa Games mu 1999 kenako n'kuzipereka kwa anthu. Kuli agogo amene anabadwira mu Alex, makolo awo anagula puloti kalekale, ndipo sangasamuke ngakhale mutawapatsa nyumba kwina. Muli aphunzitsi, anamwino, oyendetsa matakisi. M'mawa cha m'ma 5 koloko mukaima pa mlatho wa oyenda pansi wa Grayston muona chinamtindi cha anthu akuoloka M1 kupita ku Sandton: alonda, okolopa m'maofesi, ophika, olera ana, osamalira maluwa. Bedi limene munagonapo kuhotela kuja n'kutheka kuti analiyala ndi munthu wa mu Alex.

Chachiwiri, musaganize kuti mchimwene wanuyo sakuona zimene inu mwaona. Akuziona tsiku lililonse ndipo anawerengera. Akakhala kutali kumene nyumba zili bwinoko, theka la malipiro lithera lendi ndi takisi. Mu Alex amayenda wapansi kupita kuganyu. Akagawana chipinda ndi anzake awiri, zotsalazo ndi zimene zinasanduka malata ku Thyolo. Ineyo ndinayambira m'chisakasa chonga chomwecho. Pano ndili m'chipinda cha njerwa kumtunda, ndi mkazi wanga ndi ana. Ndiye mukamakamba za iye musamukambe ngati munthu wotayika. Ndi mwamuna amene akusenza banja lonse pamutu.

Nachisale: Ndamva bambo, ndipo zikomo. Sindikumunyoza ayi, ndimamunyadira. Ndinaonanso zina zimene sindinalembe. Mayi wina woyandikana naye, wa ku Limpopo, anatibwereka mpando ndi makapu atamva kuti kwabwera mlendo. Mchimwene wanga anandigulira kota, buledi uja amaboola pakati n'kuikamo tchipisi, poloni ndi atcha, ndipo anakana kuti ndilipire. Malaya ake a kuntchito anali ositasita bwino, atapachikidwa m'pepala la pulasitiki. Koma mtsinje uja bambo, mtsinje uja ndi umene wandisowetsa tulo. Kuchoka pakhomo pake kukafika pamadzi ndi pafupi kwambiri, ndipo gombe lake ndi la zinyalala ndi zigumukire za nyumba zimene magalimoto amadzataya. Anthu akumanga pamwamba pa zimenezo.

Bambo a Yamikani (Alex): Apo pokha ndiye mukunena zoona, ndipo sindikutsutsani. Jukskei amayambira pakati pa mzinda, ndipo mvula ikagwa m'tauni madzi onse a m'misewu amathamangira mmenemo. Amadzadza mwadzidzidzi ngakhale ku Alex kusanagwe dontho. Mu Novembala 2016 anakokolola zisakasa ku Stjwetla, dera la m'mphepete mwa mtsinjewo mu Alex, ndipo mwana wamng'ono anapita ndi madzi. China ndi moto. Mu Disembala 2018 zisakasa mazanamazana zinapsa tsiku limodzi. Nyumba zikagundana choncho galimoto ya ozimitsa moto ilibe polowera. Nthawi yozizira, Juni ndi Julayi, anthu amagona ndi mbaula kapena sitovu ya parafini m'chipinda chotseka, ndipo ena sadzuka. Amene sanafikeko ku Joni sadziwa kuzizira kwake. M'mawa umapeza madzi a m'chidebe ataundana pamwamba.

Mjomba wa ku Mangochi: Salaam abale. Ine ndinakhalako ndipo ndinabwerako. Simunatchule chinthu chachikulu, mantha. Zipolowe zothamangitsa obwera za mu Meyi 2008 zinayambira mu Alexandra momwemo pa 11, kenako zinafalikira dziko lonse. Anafa anthu 62, ena mwa iwo nzika za dziko lomwelo. Ine ndinagona pabwalo la polisi ndi chikwama chimodzi, katundu yense atatengedwa. Anthu amene anandithyolera chitseko ena ndinkawapatsa moni tsiku ndi tsiku. Koma amene anandibisa usiku woyamba analinso mayi wa konko, ndiye sindinganene kuti onse ndi oipa. Anthu akamalimbirana mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi ndi ganyu imodzi, mkwiyo umagwera amene alibe womuteteza. Mu 2015 zinabukanso ku Durban mpaka boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu. Zaka zaposachedwapa kwabweranso magulu a Dudula amene amayenda m'misika kufunsa mapepala. Mwana wathu akamatuluka m'mawa amayang'ana uku ndi uku, kuopa tsotsi, kuopa a Dudula, kuopa kugwidwa n'kukatsekeredwa ku Lindela, kumene amasungira obwera opanda mapepala asanawabweze kwawo. Pasipoti yathu amatidindira masiku 30 okha pa Beitbridge. Akatha amenewo moyo wako wonse ndi wozemba.

Mayi Nachisale, ine ndikuti awuzeni amayi. Makolo akamaganiza kuti ku Joni ndalama zimatoledwa, amapempha mosalekeza. Lero feteleza, mawa maliro a kwa azakhali, mkuja foni ya mdzukulu. Mwana sangakane, ndiye amadzimana chakudya.

Mayi a Tadala: Koma mjomba, mwanayo wapempha yekha kuti amayi asamve. Achemwali akaulula, mawa adzawakhulupiriranso? Komanso sitikudziwa thanzi la amayiwo. Ena ali ndi BP, nkhani ngati iyi ikhoza kuwagwetsa.

Nachisale: BP ali nayodi, amamwa mankhwala tsiku lililonse.

Angozo a ku Ntcheu: Nkhani yobisa imeneyi si ya lero. Bambo anga anapita kumigodi ya ku Joni ndi Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito ya m'migodi. Pobwera anabwera ndi njinga, wailesi, bulangete lolemera ndi sutikesi yachitsulo, mudzi wonse unasonkhana. Za kukomboni kumene ankagona amuna okhaokha pa mabedi a simenti sanatiuzepo, tinadzamva atakalamba chifuwa chitawagwira. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa kulemba anthu, koma mtima wopita kumwera sunathe. Aliyense wobwerako amaonetsa zimene wagula, zimene wavutika amazisiya pa Mwanza. Ndiye achinyamata amangomva mbali imodzi. Ine ndili kumbali ya mjomba, kungoti kauzidwe kake kakhale kaulemu.

Wa ku Ndirande: Komatu akuluakulu tisamachite ngati zimenezi n'zachilendo kwa ife. Ine ndabadwira mu Ndirande. Mtsinje wa Nasolo mumaudziwa mmene ulili. Anzathu a ku Chilobwe anamanga m'mphepete mwa phiri la Soche chifukwa chosowa malo, ndipo namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023 tonse tinaona zimene zinachitika. Mnyamata amene akugona atatu m'chipinda ku Alex, kuno akanagonanso atatu, kusiyana kwake kumeneko pakutha pa sabata ali ndi ma Rand m'thumba. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi m'bale ku Joni ndi amene anapuma. Munganene zoopsa zonse, basi ya ku Joni idzadzabe.

Mayi a Tadala: Zoona mwana wanga. Ine ndili ku Mtandire, kutsidya kwathu ndi Area 47. Amayi ambiri kuno m'mawa amaoloka kukachapa ndi kukolopa m'mipanda ya kumeneko, madzulo n'kubwerera kudzaima pamzere pa kiyosiki ya madzi. Lingadzi akasefukira ndife oyamba kulira. Zimene achemwali afotokozazi ndaziona ngati akunena kwathu, kungoti kuno palibe amene amandifunsa pasipoti.

Aphunzitsi opuma a ku Zomba: Pali kusiyana kumodzi kumene tisakuiwale. Ku Ndirande kapena ku Mtandire munthu zikamuvuta amakwera minibasi kupita kumudzi, akadwala abale amabwera ndi phala kuchipatala. Wa ku Alex akadwala amadalira anzake a m'chipinda, amenenso ayenera kupita kuganyu. Akamwalira, kubweretsa thupi kudutsa Zimbabwe ndi Tete ndi ndalama zambiri zimene banja silingapeze tsiku limodzi. Mayi Nachisale, mumufunse ngati ali m'gulu lililonse la Amalawi losonkherana za maliro ndi matenda. Ngati sali m'gulu, limenelo likhale loyamba.

Bambo a Yamikani (Alex): Magulu amenewo alipo ambiri, ena a mpingo, ena a kumzikiti, ena a anthu ochokera boma limodzi. Timasonkha mwezi ndi mwezi. Anyamata ongofika kumene amazengereza kulowa chifukwa amaona ngati ndalama yotayika, mpaka tsiku limene mnzawo wagona mumochale miyezi iwiri.

Pa funso lanu lija mayi, maganizo anga ndi awa. Amayi musawafotokozere za makoswe ndi zimbudzi, sizidzawathandiza kanthu. Koma musawanamizenso kuti ali m'nyumba yabwino. Auzeni kuti mwamuona, ali moyo, ndi wathanzi, akugwira ntchito molimbika, koma moyo wa kumeneko ndi wodula ndipo ndalama imene amatumiza amachita kudzimana. Zimenezo n'zoona zokhazokha ndipo simunaphwanye pangano. Amene ayenera kumva zonse mosabisa ndi abale ena amene amamuimbira kupempha. Amenewo akhazikeni pansi.

Mjomba wa ku Mangochi: Apo ndavomera. Koma amalume ake a mwanayo amve zonse, ndiwo eni mbumba. Mawa zinthu zitavuta adzafunsa kuti inu munaona bwanji osanena.

Nachisale: Amalume alipo, ndipo ndi munthu wosunga chinsinsi. Ndikawauza. Ndaganizanso kuti fizi ya mwana mmodzi mwa ana a malemu aja ndiitenge ineyo kuyambira teremu ikubwerayi. Zindivuta, malipiro anga ndi ochepa, koma ine ndimagona m'nyumba ya njerwa ndipo mpopi uli pakhomo. Ndalama imene ipulumukeyo aonjezere pa lendi achoke kumtsinje kuja. Chimene ndikuopa n'choti akana, chifukwa ndi munthu wosafuna kuoneka ngati walephera.

Angozo a ku Ntcheu: Musamuuze ngati mukumuchitira chifundo. Muuzeni kuti ana a malemu ndi a nonse, ndipo inu ngati wamkulu mukufuna kutengako mbali yanu. Akakana, amalume amulankhule.

Wa ku Ndirande: Bambo a Yamikani, funso langa lomaliza. Mng'ono wanga akufuna kunyamuka mwezi wa mawa. Ndimuletse?

Bambo a Yamikani (Alex): Kumuletsa simungathe. Mufunseni zinthu zitatu: akafikira kwa ndani, munthuyo wavomera ndi pakamwa pake kapena angomva kwa ena, ndipo ali ndi luso lanji m'manja. Telala, wowotcherera zitsulo, mmisiri wa matabwa kapena womanga amapeza pogwira msanga. Wopanda luso amaima pamphambano ndi chikwangwani kudikira galimoto yofuna waganyu, ndipo sabata ikhoza kutha osaitanidwa. Abwere ndi pasipoti yake yeniyeni, asadalire anthu olonjeza kumuolotsa Limpopo usiku. Asungenso ya basi yobwerera pamalo pena, asaikhudze ngakhale njala itavuta bwanji. Muwerengereni zonse zalembedwa panozi, kenako asankhe yekha.

Mayi Nachisale, pabwalo loyandikana ndi lathu pali banja limene likusamuka kumapeto kwa mwezi uno. Chipinda chake n'cha njerwa, chili kumtunda kutali ndi madzi, mpopi ndi chimbudzi zili pabwalo pomwepo. Lendi ndi yokwererapo, koma akakhala awiri akhoza kukwanitsa. Mvula kuno imayamba cha mu Okutobala, ndiye tisachedwe. Mulankhule naye kaye, akavomera munditumizire nambala yake kumbali, osati pagulu pano, ndipite naye kwa mwini bwalo Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi.

Nachisale: Ndimuimbira usiku uno akaweruka. Zikomo bambo, Mulungu akudalitseni. Ndikulemberani kumbali ndikamva yankho lake.